Kuzoloweretsa cockatiel dzanja: zimene ndinaphunzira kwa Chifunga

Ambiri a ife tinakulira pakhomo pomwe dzanja likalowa m'khola, nkhuku imadziwiratu kuti kwabwera alendo. Timaigwira miyendo, kuimanga ndi luzi, n'kuipachika pa njinga. Ndiye munthu akagula cockatiel, kachinkhwe kotuwa ka tsumba pamutu ndi kadontho kofiirira patsaya lililonse, amafika nako kunyumba ndi dzanja lomwe lija. Tsiku lomwelo akufuna akagwire, ana akasisite, chithunzi chipite pa WhatsApp. Mwezi usanathe mumumva akudandaula kuti anamugulitsa mbalame yolusa.

Inenso ndinagwa m'mbuna yomweyo. Wanga ndinamutcha Chifunga chifukwa cha kutuwa kwake, ngati m'mawa wa mu June kuno ku Mzuzu. Ndinamutenga kwa bambo wina wa ku Luwinga amene amaswetsa mbalamezi, ndipo usiku womwewo ndinamufumbata kuti mayi a kunyumba amuone bwino. Anandiluma pa chala cha mkombaphala mpaka magazi chuchuchu. Kukonza zimene ndinawononga madzulo amenewo kunanditengera miyezi itatu.

Kwawo kwa cockatiel ndi ku Australia, m'madera ouma a m'kati mwa dzikolo, komwe zimauluka m'magulu kusaka madzi ndi njere za udzu. Kumeneko chilichonse chochokera kumwamba n'kuifumbata ndi imfa basi. Zimene timagula kuno n'zobadwira m'makola, koma mantha amenewo sanachoke m'magazi. Kambalame kolemera magalamu 80 mpaka 120 kakaona chikhatho cha munthu chikutsika, sikaona mwini wake, kamaona kabawi. Ntchito yanu yonse ndi yoti dzanja lisinthe mbiri: lidziwike kuti ndi lobweretsa zokoma, lomwe silifumbata. Nthawi muli nayo yambiri, pakuti mbalameyi ikasamalidwa imakhala zaka 15 mpaka 20.

Mbalame isanafike

Sankhani yaing'ono, ya miyezi iwiri kapena itatu, imene yasiya kudyetsedwa ndi makolo ake. Musangomva za m'kamwa mwa wogulitsa. Imani pomwepo muione ikutola njere, ikusenda, ikumeza yokha. Mwanapiye wochotsedwa msanga amatha kufa ndi njala chakudya chili m'mbale. Funsaninso ngati inkagwiridwa ndi anthu kuyambira ili yanthete. Yotereyi imazolowera m'masiku ochepa, pamene yoleredwa ndi makolo ake m'khola lalikulu, ngati Chifunga, imatenga masabata kapena miyezi. Ndipo wina akakuyandikirani ndi tizinkhwe tobiriwira togwidwa m'tchire, mukaneni. Tija totchedwa Lilian's lovebird ta ku Liwonde National Park ndi totetezedwa ndi malamulo, komanso mbalame yogwidwa m'tchire ili yaikulu imangovutika m'khola.

Khola ambiri timakapangitsa kwa owotcherera. Auzeni kuti lisachepere masentimita 60 m'litali, 45 m'lifupi ndi 60 msinkhu, ndipo mipata ya waya isapitirire sentimita imodzi ndi theka, kuopa kuti mutu ungakanirire. Chomwe ambiri amaiwala ndi khomo. Likhale kutsogolo, lalikulu loti dzanja lituluke mbalame ili pa chala osawerama. Kakhomo ka pamwamba kamakukakamizani kulowetsa dzanja ngati kabawi yemwe uja. Waya watsopano wonyezimira amakhala wokutidwa ndi zinki, ndipo chinkhwe chimakwera ndi mlomo, kunyambita waya tsiku lonse. Zinki ndi poizoni kwa icho. Kwechani waya ndi burashi ndi viniga, mutsuke, aume padzuwa mbalame isanalowe. Poterapo ikani nthambi za gwafa kapena bulugamu, mtengo womwe nawonso kwawo ndi ku Australia. Za peyala ayi.

Khola likhale pabalaza pomwe anthu amakhala, msana wake utatsamira khoma, pamsinkhu wa pachifuwa panu. Kukhitchini ayi. Apa ndiima pang'ono, chifukwa ife a ku Mzuzu tili ndi chizolowezi chimene chimapha mbalame mwakachetechete. Kuzizira kukafika mu June ndi July timalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka mazenera. Mpweya wa makala umene munthu umangomupweteketsa mutu, mbalame umaigwetsa pansi. Koyilo ya udzudzu, mankhwala opopera mphemvu, fodya, ndi pani yosamata ija ikatenthetsa yopanda kanthu, zonsezi n'chimodzimodzi. Kuzizira kwenikweniko cockatiel imapirira kuposa mphepo yolowera pa mng'alu wa zenera. Kutani khola ndi bulangete mbali zitatu usiku, basi. Ngati muli ndi nkhuku kuseri, dziwani kuti chitopa chimagwiranso zinkhwe. Mukachoka ku nkhuku sambani m'manja musanakhudze mbale za mbalame.

Sabata yoyamba: manja kumbuyo

Ili ndi gawo lovutitsitsa chifukwa mulibe chochita. Sinthani madzi ndi chakudya mwakachetechete, nthawi yofanana tsiku lililonse, mukuyankhula motsitsa mawu. Musaigwire. Tsiku loyamba kapena lachiwiri ikhoza kudya pang'ono chabe. Yalani nyuzipepala pansi pa khola kuti muziona zitosi ndi makoko a njere: zikuoneka, ndiye kuti ikudya mukachokapo.

Kenaka tengani mpando mukhale chapatali, pomwe mbalame ikukuonani koma sikuthawira ku ngodya. Werengani nyuzi mokweza, sankhani nyemba, imbani foni. Musaiyang'anitsitse m'maso, pakuti maso awiri olunjika ndi a mphaka. Iyang'aneni cham'mbali, mukuphethira pang'onopang'ono. Tsiku lililonse sendezani mpando phazi limodzi.

Nthawi imeneyi ndi yophunzira kuwerenga tsumba, chifukwa cockatiel sibisa zakukhosi. Tsumba likaima njo, thupi litawonda, yadzidzimuka kapena ikufuna ione bwino. Likagona kwathunthu pamutu, mlomo uli yasa, ikupemerera fuu ngati njoka n'kumagwedezeka uku ndi uku, ikukuuzani kuti mwafika pafupi kwambiri, bwererani. Likapendekera kumbuyo mofewa, nthenga za m'masaya zitafufuma mpaka kubisa mlomo, mtima uli m'malo. Madzulo mukamva ikukukuta mlomo, kere kere, musaganize kuti yadwala: imatero ikakhuta n'kuyamba kusinza. Tsiku lomwe idzadye, kudzikonza nthenga kapena kukukuta mlomo inu muli pambali pa khola, dziwani kuti sabata yoyamba yatha, ngakhale itatenga masiku 20.

Mawere pa waya

Kunja amagulitsa ngala zapadera zonyengerera mbalame. Ife tili ndi mawere, omwe anzathu a Chitumbuka amati lipoko. Pamsika mumapeza opunthapuntha, koma ngati muli ndi wachibale wolima ku Mzimba kapena ku Chitipa, mupempheni ngala zosapuntha, zouma bwino, zosathira mankhwala a anankafumbwe. Ngala ndi yabwino chifukwa ili ndi phesi: imatalikitsa zala zanu ndi mlomo wa mbalame. Mukasowa ngala, njere za mpendadzuwa zimagwira ntchito, koma zili ndi mafuta ambiri, ndiye zingokhala zochepa.

Lamulo ndi limodzi: mawere asapezeke m'mbale. Chakudya cha masiku onse chikhalemo mokwanira, koma chokoma ichi chizichokera kudzanja kokha. Ena amati muisiye ndi njala tsiku lonse kuti igonje. Musamvere. Kambalame kochepa chonchi kamafooka msanga, ndipo yobwera kudzanja chifukwa cha njala imathawanso ikakhuta. Ingosankhani nthawi yomwe imakhala ndi chilakolako, m'mawa kapena chakumadzulo.

Choyamba mangirirani kangala m'khola masiku awiri kuti ilawe, idziwe kuti n'chiyani. Kenaka gwirani phesi, mulowetse ngala pa waya pafupi ndi pomwe yatera, dzanja lanu lili kunja, m'munsi mwa mbalame. Mukatero umani ngati chitsa. Musaitsate nayo ikasuntha. Mphindi 5 zikatha osabwera, chotsani, mudzayesenso madzulo. Chifunga anatha masiku 9 akungoiyang'ana ndi diso limodzi. Tsiku la 10 anatambasula khosi mpaka kutsala pang'ono kugwa, n'kubudula kanjere kamodzi, n'kuthawa nako. Ndinaitana mayi a kunyumba monong'ona ngati ndaona njovu.

Ikayamba kudya mosaopa, fupikitsani phesi tsiku ndi tsiku mpaka mlomo uzigunda zala zanu.

Dzanja m'khola

Tsegulani khomo, mulowetse dzanja ndi ngala, pang'onopang'ono, kuchokera m'munsi. Likangolowa, imani pakhomo pomwepo. Mbalame ikayamba kuphupha n'kumadzimenyetsa ku waya, mwafulumira, bwererani ku za pa waya masiku awiri. Ikangosendera kumapeto kwa nthambi n'kumakuyang'anani, khalani chomwecho. Pa gawo ili ikapemerera, musasendeze dzanja pafupi, komanso musalichotse nthawi yomweyo, chifukwa idzaphunzira kuti kupemerera kumathamangitsa munthu. Dikirani ikhale bata ngakhale pang'ono, ndiye mutuluke.

Kawiri kapena katatu patsiku, mphindi 5 mpaka 10, n'zokwanira. Ola lathunthu Lamlungu lokha silipindula kanthu.

Kukwera pa chala

Ikamadya m'dzanja muli m'khola, gonekani chala cha mkombaphala ngati nthambi, zala zinazo mutazipinda. Ngala muigwire ndi dzanja linalo, kuseri kwa chala, patali poti kuti ifikire iyenera kuponda chalacho. Chala chikhale patsogolo pa mimba yake, pamwamba pang'ono pa mapazi, chifukwa mbalame imakonda kukwera kusiyana ndi kutsika. Nenani liwu limodzi lomwelo nthawi zonse. Ife kunyumba timati "kwera". Masiku oyamba idzaika phazi limodzi n'kulichotsa. Ipatseni mawere pa phazi limodzi lomwelo. Lachiwiri lidzabwera lokha.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Isanaponde, cockatiel imayamba yagwira chala ndi mlomo kuti ione ngati nthambiyo ndi yolimba. Mlomo ndi phazi lake lachitatu. Munthu woti analumidwapo amakoka chala msanga, mbalame n'kutsala pang'ono kugwa, ndipo imaphunzira kuti nthambi iyi ndi yabodza. Limbani mtima. Ngati mantha akukukanikani, yambani ndi kandodo ka gwafa kotalika ngati supuni yaikulu, muzifupikitsa monga munachitira ndi phesi. Kandodoka musadzakataye. Kadzakuthandizani tsiku lomwe mbalame idzatera pamwamba pa kabati, kapena mukadzachoka n'kusiyira munthu amene siimudziwa.

Ikakulumani zenizeni, musakuwe, musaimenye pamlomo, musaithire madzi. Mbalame simva chilango, imangosunga kuti dzanja limapweteka. Itsitseni pa nthambi mwakachetechete, muchokepo kwa kanthawi, mudzifunse chomwe tsumba linkanena musanalumidwe. Nthawi zonse zomwe Chifunga anandiluma anali atandichenjeza kale, ine ndi amene sindinamve.

Za ana ndi alendo ndinene mosabisa. Ana amawononga m'masana amodzi ntchito ya masabata atatu, osati mwankhanza, koma ndi tizala tolowetsa pa waya ndi kumenya khola kuti mbalame iuluke aone. Kuwaletsa kokha sikuthandiza. Apatseni udindo: akhale pansi, agwire ngala, akhale chete, muone amene mbalame iyambe kumudyera. Mwana wanga wamkazi anandipambana. Alendo akuluakulu ndi ovuta kuposa ana. Amalume ena anafika n'kuyamba kugogoda khola ndi kiyi wa galimoto akuti, "Tayankhula tione!" Ndinachita kuwapempha kuti, "Amalume, tabwerani mudzakhale uku, kameneko kamachita manyazi ndi akuluakulu."

Kutuluka m'khola

Ikamakwera pa chala mosakayika, yakwana nthawi yotuluka. Konzani chipinda kaye. Tsekani zitseko ndi mazenera, kokani makatani kuti isadzimenyetse pa galasi, zimitsani fani, mphaka ndi galu atuluke, vindikirani ndowa za madzi. Uzani aliyense m'nyumba kuti mbalame ili panja, wina asangotsegula chitseko.

Musaikoke. Tsegulani khomo, mugwire chala ndi mawere panja pake, ituluke yokha. Ulendo woyamba idzauluka mozungulira mosadziwa kotera, mwina n'kugwera kuseri kwa mpando. Musaithamangitse. Dikirani ipume, muyandikire mwa m'mbali, mupereke chala kapena kandodo, munene "kwera". Poibwezera m'khola ikani kangala m'katimo kuti kubwerera kusakhale ngati kutsekeredwa. Ndipo nthawi zina muziikweza pa chala n'kuitsitsa pomwepo osaibwezera, apo ayi idzazindikira kuti chala chimatanthauza kutha kwa masewera n'kuyamba kuchithawa.

Chenjezo lalikulu: cockatiel si nkhunda. Nkhunda mukaitsegulira imazungulira mudzi n'kubwerera ku khola lake madzulo. Cockatiel ndi mbalame yoyendayenda, yothamanga kwambiri m'mwamba, ndipo denga la nyumba yanu siilidziwa kuchokera kumwamba. Ngakhale yomwe imagona paphewa panu, hutala ya galimoto ikalira muli pakhonde, yapita, ndipo akhwangwala a m'tauni muno sachedwa kuiona. Ena amadula nthenga za mapiko. Ine sindidula, chifukwa youluka imakhala yolimba thupi ndipo imabwera kwa ine mwakufuna kwake. Mukasankha kudula, achite ndi munthu wodziwa, mapiko onse awiri mofanana, osakhudza nthenga zatsopano zomwe zikadali ndi magazi m'phesi. Komabe musadalire zimenezo panja: mphepo ikawomba, yodulidwa nayonso imanyamuka.

Kukanda mutu

Ichi musachipemphe, idzapempha yokha. Tsiku lina ili pa chala kapena pa bondo lanu idzaweramitsa mutu, nthenga za m'khosi zitaima. Kandani ndi nsonga ya chala pang'onopang'ono, motsutsana ndi kumene nthenga zagonera, kuseri kwa tsumba ndi mozungulira kadontho ka patsaya, pomwe pali khutu. Ikamathothoka nthenga, zatsopano zimatuluka ngati timinga toyera. Za m'mutu siingazifikire yokha, m'gulu inzake ndi imene imaisendera. Zouma mukhoza kuzifikisa mofewa ndi zala ziwiri. Mukakhudza yanthete idzalira n'kukujomphani, kenaka n'kuweramitsanso mutu ngati palibe chachitika.

Malire ndi khosi. Kusisita msana, pansi pa mapiko kapena ku mchira kumaiuza kuti ndinu mwamuna kapena mkazi wake. Yaimuna imayamba nsanje n'kumaluma ena onse. Yaikazi imayamba kuikira mazira ngakhale palibe yaimuna, ndipo kuikira kosalekeza kumaithera kashiamu m'thupi mpaka dzira kukanirira, zomwe zimapha.

Likhweru, usiku ndi mbale

Mukachoka m'chipinda idzalira mokweza kamodzi kapena kawiri. Ikufunsa kuti gulu lili kuti. Yankhani ndi kalikhweru kafupi komweko nthawi zonse, muli kukhitchini kapena kubafa. Yoyankhidwa imakhala chete, yosayankhidwa imaphunzira kukuwa. Zazimuna ndi zimene zimatola nyimbo za likhweru ndi mawu ochepa, zazikazi zambiri zimakhala zachete. Kwa zotuwa mudzadziwa pakatha miyezi 6 mpaka 9, zikathothoka nthenga koyamba: yaimuna nkhope imasanduka yachikasu chowala, yaikazi imakhalabe yotuwirako ndi mizeremizere pansi pa mchira.

Imafuna tulo ta maola 10 mpaka 12. Yogona pabalaza TV ikulira mpaka pakati pa usiku imadzuka yaukali, ndipo mudzaiimba mlandu wolusa. Cockatiel ilinso ndi vuto lodzidzimuka mumdima. Khoswe akadutsa kapena nyali za galimoto zikawala pa khoma, imayamba kuphupha mosaona, kudzimenyetsa mpaka kuthyola nthenga. Kanyali kakang'ono ka sola pakona kamathandiza, makamaka masiku omwe magetsi amazima. Zikachitika, yatsani nyali, muyankhule nayo mofatsa, musalowetse dzanja. Nthenga yothyoka ikamatuluka magazi, panikizani ndi kaufa koyera, ndipo akapanda kuleka pitani nayo kwa dokotala wa ziweto msanga, magazi ake ndi ochepa.

Kudya limodzi kumamanga ubale kuposa china chilichonse chomwe ndayesa. Mbalame ya njere zokhazokha imanenepa n'kudwala chiwindi, koma masamba imawakana ngati sinawaonepo. Khalani nayo patebulo, mutafune karoti kapena tsamba la mpiru iyo ikuona, mukuchita ngati simukufuna kuigawira. Idzabwera kudzalanda. Bonongwe, dzungu lophika, mbatata yophika, chimanga chachiwisi ndi kadzira kowiritsa n'zabwino, zonse zopanda mchere ndi mafuta. Mapeyala, omwe kuno amachuluka mpaka kuwolera pansi, ndi poizoni kwa mbalame. Chokoleti, khofi, tiyi, mowa ndi anyezi ayi. Mtedza wachuku tayani.

Tsiku lofunika kuigwira

Lidzafika ndithu: yadwala, yavulala, kapena zikhadabo zatalika. Mbalame imabisa matenda, ndiye mukaiona yafufuma tsiku lonse, yakhala pansi pa khola, mchira ukugwedezeka ikamapuma, kapena zitosi zasintha, musadikire mawa. Poigwira musagwiritse dzanja lamaliseche lomwe mwalivutikira miyezi yonseyi. Chepetsani kuwala m'chipinda, muiphimbe ndi kathaulo, mutu muugwire mofewa m'mbali ndi zala ziwiri. Chifuwa musachipanikize, chifukwa mbalame imapuma ndi kugwedezeka kwa chifuwa, mukafinya imabanika. Mkwiyo upite kwa thaulo.

Ngakhale mutero, ikhoza kukunyanyalani. Chifunga atathyola nthenga ya phiko usiku wina wa mvula, ndinamukulunga m'thaulo kupita naye kwa dokotala. Titabwerako sanafune kundiona. Ndikayandikira, tsumba pansi, fuu. Ndinabwerera ku mpando wanga wa sabata yoyamba, kenaka ku ngala ya pa waya, ngati sitinadziwanepo. Ulendo uno sizinatenge miyezi itatu. Tsiku lachisanu m'mawa ndikusintha madzi anatsika pa nthambi, n'kuponda pa mkono wanga, n'kukwera mpaka paphewa kukatafuna kolala ya malaya. Thaulo lija mpaka lero akaliona pa chingwe amalipemerera.